Kuzunguza chitsulo kapena kuzunguza mpeni: kusankha pakati pa turning ndi milling pa makina a CNC

Shafuti ya chigayo ikathyoka, kapena ikadyeka pamalo pokhala beringi, mwini chigayo amaikulunga m'thumba n'kupita nayo kwa amisiri a makina osemera zitsulo kuti akamupangire ina. Kwa iye chimene wanyamulacho ndi chitsulo chimodzi, koma mmisiri akachilandira n'kuchitembenuza m'manja amaonapo ntchito ziwiri zosiyana. Thupi lonse la shafutiyo ndi lozungulira ngati munsi: pali malo awiri okhalapo maberingi, pali pocheperako polowa pule, ndipo kumapeto kuli mazinga a nati. Pamalo polowa pule paja palinso kangalande kowongoka momwe mumakhala kiyi yoletsa pule kuterereka. Zozungulira zonsezo zimasemedwa pa makina a lathe, m'njira yotchedwa turning, pamene kangalande kaja kamafuna makina ena, ndipo njira yake imatchedwa milling. Shafuti imeneyi titsagana nayo m'nkhani yonseyi, chifukwa pa iyo yokha pali pafupifupi mafunso onse amene munthu amakumana nawo posankha pakati pa njira ziwirizi.

Kusiyana kwake kwagona pa chimene chikuzungulira. Pa lathe chitsulo chimagwidwa ndi chogwirira chotchedwa chuck n'kumazungulira, ndipo mpeni wa nsonga imodzi umayenda m'litali mwake kapena kulowa cha pakati pake, monga momwe akalipentala amachitira akamazunguza miyendo ya mipando. Pa milling chitsulo chimamangidwa zolimba pa tebulo, mu vayisi kapena ndi zopanira, ndipo chozungulira ndi mpeni wa mano angapo umene umadya chitsulocho pamwamba, m'mbali ndi m'kati. Mawu oti milling pano asatikumbutse kugaya chimanga ayi. Ndi dzina chabe la kusema ndi mpeni wozungulira. Makina a lathe wamba amayendetsa mpeni m'njira ziwiri, zimene zimalembedwa kuti X ndi Z, pamene a milling amafuna zitatu, X, Y ndi Z, ndipo okwera mtengo amaonjezerapo zina ziwiri zopendekera kapena kutembenuzira chitsulo kapena mpeni.

Makina onse awiriwa anayamba kalekale kompyuta isanabwere. Henry Maudslay wa ku London ndiye amakumbukiridwa chifukwa cha lathe yodula mazinga ofanana, cha m'ma 1800, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860 Joseph R. Brown wa kampani ya Brown & Sharpe ku Providence, ku America, anapanga makina a milling otha kusema ngalande zopota za zoboolera. Kuyendetsa makina ndi manambala kunayambira pa ntchito ya ndege. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John T. Parsons ndi Frank Stulen ku Traverse City, m'chigawo cha Michigan, ankawerengera ndi makina a makadi obooledwa malo oti mpeni udutse popanga zikombole za mapiko a helikopita, ndipo mu 1952 akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa makina a milling oyendera malamulo olembedwa pa tepi yobooledwa. N'zomveka kuti anayambira pa milling, popeza kupindika kwa ziwalo za ndege n'kumene kunkavuta dzanja la munthu kutsatira. Zozungulira zinali zikupangidwa kale mofulumira pa ma lathe odziyendera okha ndi tizitsulo tokhota tokankha mipeni, totchedwa ma cam. Masiku ano tepi ija inalowedwa m'malo ndi kompyuta, n'chifukwa chake timati CNC (Computer Numerical Control, kutanthauza kuyendetsa makina ndi manambala kudzera mu kompyuta), ndipo makina ambiri amamva chilankhulo chimodzi cha G-code, momwe G01 ndi kuyenda mowongoka ukudula, G02 ndi G03 ndi kuyenda mokhota, ndipo M03 ndi kuyatsa chozungulira. Kompyuta inathetsa vuto la kubwereza ntchito mofanana, koma sinasinthe chibadwa cha makinawo, ndipo chibadwa chimenecho ndicho chimatsogolera posankha.

Poyamba munthu ayang'ane chojambula cha chiwalocho, kapena chiwalo chakalecho, n'kufunafuna mzere wapakati. Ngati chiwalocho chikhoza kuzunguzidwa pa mzere umodzi popanda maonekedwe ake kusintha, monga shafuti, pini, bushi, pule kapena bawuti, kwawo kwa chiwalocho ndi pa lathe. Chifukwa chake n'chakuti pa lathe kuzungulira sikuchita kupangidwa ndi nzeru za kompyuta. Mpeni ukaima pamalo amodzi chitsulo chikuzungulira, mtunda wochokera pakati kufika pa nsonga ya mpeni umakhala womwewo ponseponse, motero chotulukacho chimakhala chozungulira molingana ndi ubwino wa maberingi a makinawo. Tiyerekeze kuti shafuti yathu ikukhala pa beringi ya nambala 6210, imene bowo lake ndi mamilimita 50, kunja kwake 90, ndipo m'lifupi 20. Kuti beringi yoteroyo igwire bwino, malo ake pa shafuti nthawi zambiri amalembedwa kuti 50 k6, kutanthauza, malinga ndi muyezo wa ISO 286, kuti asachepere mamilimita 50.002 ndipo asapitirire 50.018. Mpata wonse umene mmisiri wapatsidwa ndi mamilimita 0.016, umene ndi wocheperatu kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Akachepetsa, beringi imayenda pa shafuti n'kuyamba kuidya. Akakulitsa, beringi imafinyika n'kumatentha. Lathe yabwino imafika mumpata umenewu tsiku ndi tsiku popanda chodabwitsa.

Makina a milling nawonso akhoza kusema chozungulira, ndipo apa m'pamene ambiri amanyengekera. Amatero poyendetsa X ndi Y nthawi imodzi, wina akufulumira pamene mnzake akuchedwa, kuti mpeni utsatire mkombero. Pa mkombero umodzi pali malo anayi pamene imodzi mwa njira ziwirizo imayenera kuima n'kubwerera, ndipo ngati zoyendetsera tebulo zili ndi kampata kapena zayamba kutha, pamalo anayiwo pamatsala tizizindikiro tomwe chala chimatha kumva ndipo choyezera chimationetsa. Pa bowo lolowa bawuti zimenezi zilibe kanthu. Pa bowo lokhalamo beringi ndi nkhani ina, n'chifukwa chake mmisiri wosamala amamalizira bowo loterolo ndi mutu wotchedwa boring head, umene umazunguza nsonga imodzi pa mtunda wokhazikika, ndiye kuti wabwereka nzeru ya lathe n'kuibweretsa pa milling.

Tsopano taonani nyumba yokhalamo beringi ija, yomwe imamangidwa pa felemu ya chigayo. Ili ndi bowo lozungulira la mamilimita 90, limene likalembedwa kuti H7 liyenera kukhala pakati pa 90.000 ndi 90.035, koma ilinso ndi phazi lathyathyathya, mabowo awiri a mabawuti, ndi mbali zowongoka. Munthu wongoona bowo lalikululo angathamangire ku lathe. Komabe chofunika kwambiri pa chiwalo chimenechi ndi ubale wa bowo ndi phazi: kutalika kochokera pa phazi kufika pakati pa bowo kuyenera kufanana pa nyumba zonse ziwiri, ndipo bowolo liyenera kuyenda mofanana ndi phazi, apo ayi shafuti imakhala mopendekeka. Ubale woterewu umatuluka bwino pa milling, pamene chiwalo chamangidwa ndipo makina akuyeza zonse kuchokera pamalo amodzi. N'zotheka kuchimangirira pa chuck ya zibwano zinayi n'kuboola pa lathe, ndipo amisiri akale ankachita zimenezi mwaluso, akumangirira chitsulo china mbali inayo kuti kulemera kufanane, koma ndi ntchito yodya nthawi ndiponso yosalola kuthamangitsa makina.

Apa tafika pa mfundo imene ine ndimaiona kuti ndiyo mutu wa nkhani yonse, ngakhale kuti pokambirana za mitengo anthu saitchula kawirikawiri. Nthawi iliyonse imene chiwalo chamasulidwa n'kumangidwanso, kaya pa makina omwewo kapena pa ena, cholakwika chatsopano chimalowa ndipo nthawi ya munthu imapita. Malo onse amene asemedwa chiwalo chisanamasulidwe amagwirizana okha, chifukwa anabadwira pa mzere umodzi. Malo amene asemedwa pambuyo pomanganso amagwirizana ndi oyamba aja pokhapokha ngati mmisiri wachita khama kuwagwirizanitsa. Choncho funso lenileni posankha njira ndi lakuti: ndi malo ati pa chiwalochi amene ayenera kumverana kwambiri, ndipo ndi makina ati amene angawaseme onsewo pa kumanga kumodzi?

Ndinaonapo shafuti yatsopano, yonyezimira bwino, imene muyezo wake uliwonse unali wolondola poyeza ndi micrometer, choyezera kunenepa kwa chitsulo mwatsatanetsatane, koma itamangidwa pa makina pule inkagwedeza mutu ngati munthu wokana, ndipo lamba ankalira. Itaikidwa pa timipando tiwiri ta V n'kugunditsa wotchi yoyezera pamalo polowa pule, muvi unkapita ndi kubwera pa kuzungulira kulikonse. Chinachitika n'chakuti mbali imodzi inasemedwa, kenako shafuti inatembenuzidwa n'kugwidwanso mu chuck ya zibwano zitatu popanda kuyeza, ndipo mbali yachiwiriyo inabadwira pa mzere wake wosiyana pang'ono ndi woyamba. Chuck ya zibwano zitatu zolimba imabweretsa chitsulo pafupi ndi pakati, koma sipakati penipeni. Mankhwala ake ndi odziwika kuyambira kale: kuboola timabowo tapakati kumapeto onse awiri n'kuzunguza shafuti pakati pa nsonga ziwiri, kuti ngakhale itatembenuzidwa kangati mzere ukhale womwewo, kapena kugwiritsa ntchito zibwano zofewa zimene zimayamba zasemedwa pa makina omwewo kuti zifanane ndi chiwalocho, kapena, pa ma lathe a CNC okhala ndi chogwirira chachiwiri, kulola makina kuti alandizane okha chiwalocho chisanataye mzere wake.

Mfundo yomweyi imalamulanso dongosolo la ntchito. Pa shafuti yathu turning imayamba, milling n'kutsatira. Malo olowa pule akakhala mamilimita 45, kiyi yake pa muyezo wofala wa DIN 6885 ndi ya 14 m'lifupi ndi 9 msinkhu, ndipo kangalande kake pa shafuti kamazama mamilimita 5.5. Kangalandeka kayenera kukhala pakati penipeni pa shafuti, ndipo pakati pamenepo pamapezeka mosavuta pogunditsa choyezera pa thupi limene lasemedwa kale. Mukayamba ndi kangalande, mpeni wa pa lathe umagunda m'mphepete mwake pa kuzungulira kulikonse, nsonga yake n'kumabenthuka, ndipo pafupi ndi kangalandeko chitsulo sichituluka chosalala.

Kugunda kumeneku kukutifikitsa pa kadulidwe ka mipeni iwiriyi. Mpeni wa pa lathe ukalowa m'chitsulo sutulukamo mpaka wafika kumapeto. Kutentha kumakhazikika pa nsonga, ndipo zosemedwazo zimatuluka ngati chingwe chachitali chimene chimatha kukulunga chiwalo, kukanda malo osalala, ngakhale kuvulaza munthu, makamaka pa aluminiyamu ndi pa chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304. N'chifukwa chake timipeni tochita kusintha ta carbide, chinthu cholimba kuposa chitsulo wamba, timapangidwa ndi tingalande pamwamba tothyolera chingwecho, ndipo timathyola bwino pokhapokha mpeni ukamadya mokwanira. Dzino la mpeni wa milling limalowa, n'kudula kachidutswa kakafupi, n'kutuluka, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Zosemedwa zake sizivuta kuthyola, koma dzinolo limatentha ndi kuzizira mosinthanasinthana, ndipo kuthira madzi oziziritsa podula chitsulo cholimba ndi carbide kumatha kulisweka timing'alu. Amisiri ambiri amadula zitsulo zoterozo ndi mpweya wokha wouluzira zidutswa. Pochotsa chitsulo chochuluka pa chinthu chozungulira, lathe imapambana kutali, popeza mpeni wake supuma.

Kawerengedwe ka liwiro n'kamodzi pa makina onse awiri, koma kamagwira mosiyana. Opanga mipeni amatchula liwiro lodulira m'mamita pa mphindi, ndipo kuti mupeze kuzungulira pa mphindi mumachulukitsa liwirolo ndi 1000 n'kugawa ndi 3.14 kuchulukitsa kukula kwa chozunguliracho m'mamilimita. Pa milling chozungulira ndi mpeni, ndipo kukula kwake sikusintha: mpeni wa mamilimita 12 pa mamita 100 pa mphindi umafuna kuzungulira pafupifupi ka 2,650, ndipo ukakhala ndi mano 4, lililonse likudya mamilimita 0.05, tebulo limayenda pafupifupi mamilimita 530 pa mphindi. Pa lathe chozungulira ndi chitsulo, ndipo kukula kwake kumasintha pamene mpeni ukulowa. Pa mamita 200 pa mphindi, malo a mamilimita 50 amafuna kuzungulira pafupifupi ka 1,270, pamene a mamilimita 10 amafuna kupitirira ka 6,300. Lamulo la G96 limauza makina kuti azisintha okha kuzungulira kuti liwiro lodulira likhale limodzi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene lathe ya CNC imaposera yamanja. Koma lamuloli lili ndi ngozi yake: posema nkhope ya chitsulo, mpeni ukamayandikira pakati makina amathamanga mosalekeza, ndipo chuck ikathamanga kwambiri zibwano zake zimafooka kugwira. Wolemba pulogalamu amayenera kuika malire, amene pa ma lathe ambiri oyendera kompyuta ya kampani ya Fanuc amalembedwa ndi G50.

Kusalala kwa malo osemedwa pa lathe kumawerengeka ntchito isanayambe, chifukwa mpeni umasiya kanjira kopota kofanana ndi mazinga aang'ono kwambiri. Kukhakhala kwake kumayenderana ndi mtunda umene mpeni ukuyenda pa kuzungulira kumodzi, utachulukitsidwa ndi iwo wokha. Ndi nsonga yokhota ya mamilimita 0.8, kuyenda mamilimita 0.2 pa kuzungulira kumapereka kukhakhala kwa pafupifupi 1.6 pa muyezo wa kukhakhala wotchedwa Ra, ndipo kuchepetsa kuyendako kufika 0.1 kumatsitsa nambalayo kanayi, kufika pafupifupi 0.4, ngati makina sakunjenjemera. Kumbali ya kumene mizere yaloza, pali chinthu chimene chojambula chiyenera kunena: pamalo pamene pamakhala labala yotsekera mafuta, kanjira kopota kaja kamatha kukoka mafuta n'kuwatulutsa kunja, motero malo oterowo kawirikawiri amamalizidwa ndi mwala wonolera. Mazinga enieni a kumapeto nawo ndi ntchito ya lathe mwachibadwa, popeza makina amagwirizanitsa kuzungulira kwa chitsulo ndi kuyenda kwa mpeni. Pa mazinga wamba a M36 mpeni umayenda mamilimita 4 pa kuzungulira kulikonse, n'kubwereza kangapo m'njira yomweyo mpaka kuzama kwakwana.

Njira iliyonse ili ndi pofookera pake, ndipo pa zonse ziwiri mdani wake ndi kutalika. Chitsulo chogwidwa mbali imodzi yokha chimapindika mpeni ukachikankha, ndipo kupindikako sikukula mofanana ndi kutalika: kutalika kukawirikiza kawiri, kupindika kumawirikiza kasanu ndi katatu. Pa lathe chopindika ndi chiwalo. Amisiri amatsatira lamulo la pantchito lakuti chitsulo chotuluka mu chuck kupitirira pafupifupi katatu kukula kwake chimafuna kuchirikizidwa ndi nsonga ya kumchira, ndipo chachitali kwambiri chimafunanso chochirikizira chapakati, apo ayi chimatuluka chonenepa pakati ndiponso chokhala ndi mizere ya kunjenjemera. Tizitsulo tating'ono, tatitali ngati singano, tili ndi makina akeake amene anabadwira kwa opanga mawotchi a ku Switzerland m'zaka za m'ma 1870, ndipo amene amakumbukiridwa kuti anawayambitsa ndi Jakob Schweizer. Pa makina amenewa chitsulo chimatuluka pang'onopang'ono kudzera m'kabushi kochichirikiza, ndipo mpeni umadulira pafupi penipeni ndi kabushiko, motero palibe mpata wopindikira. Tizomangira ta mafupa ta kuchipatala ndi tizipini ta zamagetsi timapangidwa motero mpaka lero.

Pa milling chopindika ndi mpeni. Dzenje lakuya ndi lopapatiza limafuna mpeni wautali ndi woonda, umene umanjenjemera, kulira ndi kuthyoka, ndipo dzenje likazama kupitirira katatu kapena kanayi kukula kwa mpeni mtengo wake umayamba kukwera msanga. Palinso chinthu chimene ojambula atsopano amaiwala: mpeni wozungulira sungasiye ngodya yakuthwa m'kati mwa dzenje. Mpeni wa mamilimita 12 umasiya ngodya yokhota ya mamilimita 6. Wojambula akaumirira ngodya yakuthwa, mmisiri amakakamizika kubwerezamo ndi timipeni tating'ono, kapena kutumiza chiwalo ku makina odya chitsulo ndi moto wamagetsi, pamene kungolola kukhota kwakukuluko pang'ono kukanathetsa nkhani.

Ziwalo zambiri za m'moyo weniweni n'zosakanikirana, ngati shafuti yathu. Chimbale cholumikizira mapaipi ndi chozungulira koma chili ndi mabowo a mabawuti mozungulira. Pini ikhoza kukhala ndi bowo lopingasa kapena malo awiri athyathyathya ogwirapo sipanala. Kwa zoterezi opanga makina monga Mazak, DMG Mori, Okuma ndi Haas amagulitsa ma lathe okhala ndi mipeni yozungulira yokha, pamene chuck imatha kuima pa ngodya iliyonse imene pulogalamu yalamula, n'kulola kuboola ndi kusema tingalande chiwalo chisanamasulidwe. Shafuti yathu ikhoza kutuluka m'makina oterowo itatha yonse, kangalande kake kali pakati ndendende. Ubwino wake ndi womwe tanena uja, wochepetsa kumanga ndi kumasula. Koma mipeni yozungulira ya pa lathe siikhala ndi mphamvu ndi kulimba kwa makina enieni a milling, ndipo ola limodzi la makina osakanizawa ndi lodula. Maganizo anga ndi akuti chiwalo chimene mbali yake yaikulu ndi yozungulira, chongofuna mabowo ochepa ndi kangalande, chimayenera makina amenewa, koma chimene theka la ntchito yake ndi maenje ndi malo athyathyathya chimatuluka motchipa chikadutsa pa makina awiri, aliwonse akuchita zimene anapangidwira, bola pakhale malo odalirika oyezerapo pochisamutsa.

Za mtengo, chinthu choyamba kumvetsa n'chakuti pa CNC nthawi yambiri imapita makina asanayambe kudula: kulemba pulogalamu, kumanga mipeni ndi kuiyeza, kukonza zogwirira, ndi kusema chiwalo choyamba mosamala. Tiyerekeze kuti zonsezi zatenga maola 2 ndipo chiwalo chimodzi chimasemedwa mphindi 5. Mukafuna chimodzi mulipira mphindi 125. Mukafuna 100, chilichonse chimagwera mphindi 6 ndi pang'ono. Pa ziwalo zambirimbiri zozungulira lathe imapitanso patsogolo chifukwa imatha kudyetsedwa ndodo yaitali ya chitsulo, n'kumasema, kudula ndi kukoka ina yokha popanda munthu kutsegula chitseko, pamene pa milling wamba munthu amayenera kumasula vayisi pa chiwalo chilichonse. Koma pa shafuti imodzi ya chigayo chimene chaima lero, mmisiri waluso wa lathe yamanja, ngati amene timawapeza m'malo okonzera makina m'matauni athu, akhoza kuimaliza wina asanatsirize kulemba pulogalamu, ndipo palibe chochititsa manyazi posankha njira imeneyo. CNC imayamba kubweza ndalama pamene ziwalo zachuluka, pamene ziyenera kufanana kuti china chilowe m'malo mwa chinzake, kapena pamene maonekedwe ake ndi okhota moti dzanja silingawatsate.

Chitsulo chimene mwagula chimasankhanso njira ntchito isanayambe. Ndodo yozungulira ya mamilimita 55 imangofuna kusendedwa pang'ono kuti ikhale shafuti ya 50, ndipo bushi imachokera bwino ku paipi yochindikala kusiyana ndi kuboola ndodo yathunthu n'kusandutsa theka lake zinyalala. Bawuti ya mutu wa ngodya 6 siifuna milling ngati mwagula ndodo ya ngodya 6 kale: lathe imasema thupi ndi mazinga, mutu n'kutsala momwe unabwerera.

Chotsala ndi chojambula, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete. Muyezo wa ISO 2768, pa gulu lapakati, umalola kuphonya ndi mamilimita 0.3 pa utali wa pakati pa 30 ndi 120, ndipo malo ambiri pa chiwalo safuna zoposa pamenepo. Pa shafuti yathu, malo ofunika kusamala kwenikweni ndi atatu: awiri a maberingi ndi amodzi a pule, pamodzi ndi lamulo lakuti onse atatu akhale pa mzere umodzi. Wojambula akalemba 0.01 paliponse chifukwa cha mantha, mmisiri amachepetsa liwiro, amayeza pafupipafupi, ndipo mwina amatumiza chiwalo kokanola, zonsezo kulipiritsa mwini ntchito pa malo amene sadzakhudzana ndi kanthu. Ngati chiwalo chidzaumitsidwa ndi moto, chojambula chinene, chifukwa kuumitsa kumapotoza chitsulo pang'ono, ndipo malo a maberingi amayenera kusiyidwa onenepa kuti adzamalizidwe pambuyo pake ndi mwala wonolera kapena ndi mpeni wa nsonga yolimba kwambiri yotchedwa CBN, umene umatha kudula chitsulo choumitsidwa.

Mwini chigayo uja alibe chojambula, ali ndi shafuti yakutha yokha, ndipo pamalo amene akufunika kwambiri ndi pomwe padyeka. Mmisiri akayeza pamenepo n'kupeza mamilimita 49.8, sayenera kukopera nambala imeneyo. Amapempha beringi yakaleyo, n'kupukuta mafuta m'mbali mwake kuti awerenge nambala yake, ndipo akaona 6210 amadziwa kuti malowo anali 50 ndipo ayenera kutuluka pakati pa 50.002 ndi 50.018. Amapemphanso pule, kuti ayeze bowo lake ndi kangalande kake m'malo modalira ka pa shafuti kamene kiyi yakhala ikukakulitsa kwa zaka. Akatero amaboola timabowo tapakati kumapeto onse awiri a ndodo yatsopano, n'kusema malo atatu aja pa mzere umodzi, ndipo shafutiyo imapita ku milling kokalandira kangalande ka mamilimita 14 pokhapokha wotchi yoyezera itasonyeza kuti muvi wake sukusuntha.